Mmene mungasankhire okutengani pansi pa madzi koyamba mukapita kunyanja

Ambiri amene amafika ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay pa tchuthi amangosambira m'mphepete, kudya chambo, kujambulitsa, n'kubwerera kwawo. Ena amaona anzawo atabereka masilinda a mpweya akukwera boti, mtima n'kuyamba kulakalaka. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, kaya mukupita kunyanja kwathu konkuno, kaya mwasunga ndalama zokafika ku Zanzibar kapena ku Tofo ku Mozambique, ine ndikuti yesani kutsika pansi pa madzi mukupuma mpweya wa m'silinda, kumene amati scuba. Koma dziwani kuti tsiku loyambalo moyo wanu umakhala m'manja mwa anthu ena: amene wapopera mpweya m'silinda, amene amasamala zida, ndi mphunzitsi amene atsike nanu. Inuyo mudakali mlendo pa zimenezi, ndipo muli pansipo simungazindikire kuti china chake chalakwika. Ntchito yanu ili kumtunda kuno, ndalama zisanatuluke m'thumba.

Choyamba, dziwani chimene mukugula

Oyamba kumene amawagulitsa zinthu ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. China ndi kungolawa, kumene a PADI, bungwe lophunzitsa za scuba, amakutcha Discover Scuba Diving. Kumatenga theka la tsiku: amakufotokozerani, mumayeserera zinthu zingapo pamalo osaya, kenako mphunzitsi amatsika nanu osapitirira mamita 12. Apa simulandira setifiketi iliyonse. Chinacho ndi kosi yonse ya Open Water Diver, ya masiku atatu kapena anayi, yokhala ndi zowerenga, maphunziro asanu pamadzi osaya ndi odekha, ndi maulendo anayi otsika panyanja penipeni. Mukakhoza mumapatsidwa khadi lokulolani kutsika ndi mnzanu mpaka mamita 18 kulikonse pa dziko lapansi. Zonse ziwirizi amalandira ana oyambira zaka 10.

Kosi yonseyi imafuna kuti musambire mamita 200 osaima ndi kuyandama pamadzi kwa mphindi 10. Ambiri a ife amene tinakulira kutali ndi nyanja sitinaphunzire kusambira bwinobwino, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Nenani zoona. Mphunzitsi wabwino akulangizani kuti muyambe ndi kungolawa, kapena mukaphunzire kaye kusambira. Amene akuuzeni kuti mayeso osambirawo angowadumpha poti muvala jekete yoyandamitsa, musamupatse ndalama zanu.

Kenako, thupi lanu

Malo alionse odziwa ntchito yawo amakupatsani fomu ya za umoyo musanakhudze chida chilichonse. Imafunsa za mphumu, matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, khunyu, opaleshoni ya khutu kapena ya pachifuwa, ndi matenda a m'mapapo. Kwathu kuno musaiwale chifuwa chachikulu chimene munadwala kale n'kuchira, chifukwa chimatha kusiya zipsera m'mapapo. Amayi oyembekezera satsika ayi.

Chifukwa chake n'choti mukatsika mamita 10, mphamvu yokanikiza thupi lanu imakhala kawiri kuposa ya pamtunda. Mpweya umene mwapuma pamenepo umafufuma kufika kawiri mukamakwera. Ngati uli ndi potulukira palibe vuto, n'chifukwa chake lamulo loyamba la scuba ndi lakuti musagwire mpweya, muzingopuma nthawi zonse. Koma ukatsekeredwa m'kachigawo ka mapapo kamene kanawonongeka, mapapo amatha kung'ambika, ndipo zimenezi zimachitika ngakhale pamadzi osaya.

Ngati pali funso limene yankho lake ndi inde, pamafunika kalata ya dokotala. Pemphani fomuyo pa WhatsApp mudakali kunyumba, mukaonane ndi dokotala mtauni, osati kukayamba kusaka chipatala mutafika kale kugombe. Abale ochokera ku Britain kapena ku South Africa amene akumwa mankhwala oteteza malungo atchule dzina la mankhwalawo kwa dokotala, chifukwa mefloquine madokotala ambiri samulola kwa otsika pansi pa madzi.

Fomu imeneyi ndi mayeso anu oyamba oyesera malowo. Akapanda kukupatsani, kapena wina akakunong'onezani kuti ingolembani ayi ponseponse zinthu zifulumire, mwadziwa kale mmene amachitira ndi malamulo ena amene inu simukuwaona.

Funsani za mphunzitsi, osati za chikwangwani

Mabungwe odziwika ophunzitsa ntchitoyi ndi PADI, imene inayamba mu 1966 ku America, komanso SSI, NAUI, CMAS ndi BSAC ya ku Britain. Kwa inu woyamba, kusiyana kwawo n'kochepa, ndipo makhadi awo amalandiridwa m'malo ambiri. Musataye nthawi kukangana za bungwe. Mbendera ya PADI pakhoma aliyense angathe kuipachika. Chimene mukufuna ndi dzina la mphunzitsi amene atsike nanu ndi nambala yake ya umembala. Aphunzitsi amakonzanso umembala wawo chaka ndi chaka, ndipo pa webusaiti ya PADI pali malo otchedwa Pro Chek pamene mungalembe nambalayo n'kuona ngati munthuyo akuloledwa kuphunzitsa panopa. Malo enieniwo muwafufuzenso pa mndandanda wa bungwe limene akuti ali pansi pake.

Dziwaninso kuti Divemaster ndi Instructor ndi anthu awiri osiyana. Divemaster amatsogolera amene ali kale ndi makhadi ndi kuthandiza pa maphunziro, ndipo ena mwa iwo amaidziwa nyanja kuposa wina aliyense. Koma kosi ya Open Water amaphunzitsa ndi kusainira ndi Instructor.

Ndemanga za pa Google kapena TripAdvisor ziwerengeni, makamaka zodandaula ndi za miyezi yaposachedwa. M'malo a tchuthi aphunzitsi amasinthasintha, moti amene ankatamandidwa zaka zitatu zapitazo mwina anachoka kalekale. Wodandaula kuti khofi anali wozizira musamusamale. Wodandaula kuti chopumira chimatuluka mpweya, kapena kuti mphunzitsi anawasiya m'mbuyo, mumvereni.

Alembereni, muone mmene akuyankhira

Funso lalikulu ndi ili: mphunzitsi mmodzi atenga anthu angati? Pa kungolawa kuja, malamulo a PADI salola mphunzitsi amene ali yekha kutenga anthu opitirira anayi panyanja. Ine ndimaona kuti kwa munthu wamantha ngakhale anayiwo achuluka, chifukwa mphunzitsi ali ndi manja awiri okha. Ngati mungathe kuwonjezera pang'ono kuti mukhale awiri, chitani.

Funsaninso kuti zoyeserera zoyamba mukachitira kuti. Payenera kukhala posaya, poti mungathe kuimirira mutu n'kutuluka m'madzi. Amene amakweza oyamba pa boti n'kukawaponya pakati pa nyanja osayeserera kanthu akusewera ndi moyo wanu. Funsani za chilankhulo. Kunyanja kwathu funsani ngati pali mphunzitsi kapena wothandizira wolankhula Chichewa kapena Chitonga, chifukwa malangizo okhudza mapapo anu ndi ofunika kuwamva mawu alionse. Pomaliza funsani zimene amachita ngozi itagwa. Amene amayankha mafunsowa mosavuta, mwina n'kukufunsani ena okhudza inuyo, ndiye woyenera kumuyendera. Amene yankho lake pa chilichonse ndi "osadandaula, ingobwerani", musiyeni.

Pitani mukaone ndi maso, dzulo lake

Apa ndi pamene anthu ambiri amachita ulesi, chonsecho ndi pamene pamaonekera zonse. Musalipire ndalama zonse pa foni. Fikani masana a tsiku loti mawa mutsika, mupemphe kuti akuonetseni kumene amasunga zida. Amene amanyadira ntchito yake amakondwa ndi pempho limeneli.

Yang'anani mmene zida zakhalira. Zovala zoteteza kuzizira m'madzi za wetsuit ndi majekete oyandamitsa a BCD zizikhala zopachikidwa pamthunzi, zotsukidwa, osati zounjikidwa padzuwa. Kusuluka kwa mtundu si vuto, chifukwa dzuwa la kunyanja limasulutsa chilichonse. Vuto ndi mapaipi osweka, tizingwe tomangirira pamene panaduka, ndi kamphira koluma m'kamwa kamene kanatafunidwa mpaka kung'ambika. Chopumira chilichonse, chimene amati regulator, chizikhala ndi chinzake chapadera, kawirikawiri chachikasu, chopatsa mnzanu mpweya wake ukamuthera, komanso geji yoonetsa mpweya wotsala. Funsani kuti zopumirazo zinapita liti ku sevisi, ndipo amakonza ndani.

Ndiye gwadani muone silinda. Paphewa pake pamakhala manambala odindidwa pachitsulo, osonyeza mwezi ndi chaka chimene inayesedwa mphamvu komaliza. M'maiko ambiri kuyesaku kumachitika zaka zisanu zilizonse, ndipo kuona m'kati mwake ngati muli dzimbiri kumachitika chaka ndi chaka. Simukuyenera kukhala katswiri. Ingonenani kuti, "Tandisonyezani deti la silinda iyi," muone ngati chala chake chikupita pomwepo kapena akuyamba kuzungulira.

Chinthu chimene ine ndimachiopa kwambiri ndi kompresa, makina opopera mpweya m'silinda. M'silinda simukhala okosijeni yekhayekha ngati mmene anthu amaganizira, koma mpweya wamba womwe tikupumawu, wopanikizidwa mpaka pafupifupi 200 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu yokanikiza umene umaoneka pa geji). Kompresa imaukoka pamalo pomwe ili. M'malo ambiri a kunyanja magetsi ndi osadalirika, ndiye amagwiritsa ntchito injini ya petulo kapena jenereta. Ngati paipi yokokera mpweya ili pafupi ndi utsi wa injiniyo, poizoni wa carbon monoxide amalowa m'silinda, ndipo pansi pa madzi amapweteka msanga kuposa pamtunda. Onani kumene paipiyo yaloza: izikhala pamwamba, kutali ndi utsi, kutali ndi poimika galimoto ndi pophikira. Funsani kuti zosefera mpweya amasintha liti. Mawa lake, musanavale, tsegulani silinda, dinani batani la kutsogolo kwa chopumira, mununkhize, kenako mupumemo kangapo. Mpweya wabwino sununkha kanthu ndipo sumveka kukoma kulikonse. Carbon monoxide payekha alibe fungo, koma utsi ndi mafuta zimene amabwera nazo zimamveka. Mukamva kafungo ka oyilo kapena ka utsi, kanani silindayo, ndipo muganize kawiri za malo onsewo.

Chotsiriza, pemphani kuona botolo la okosijeni wa pangozi. Limeneli ndiye thandizo loyamba kwa munthu amene wavulala chifukwa chokwera msanga. Lizikhala lodzaza, lizikwera nawo boti, ndipo pakhale munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito. Botolo lotsekeredwa mu ofesi, kiyi ali ndi bwana amene wapita ku boma, silithandiza munthu amene ali kuseri kwa chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear. Funsani kuti chipinda chochiritsira ovulala motere, chimene amati recompression chamber, chapafupi chili kuti, ndipo munthu angakafikeko bwanji. Yankho likhoza kukhala loti n'kutali kwambiri, ndipo mphunzitsi woona mtima akuuzani choncho mosabisa, n'kufotokoza kuti n'chifukwa chake satsika mozama ndi oyamba. Inshulansi wamba ya paulendo nthawi zambiri siphatikiza scuba, choncho werengani yanu, kapena funsani za ya bungwe la DAN (Divers Alert Network), loona za chitetezo cha otsika pansi pa madzi, limene lili ndi nthambi ya kummwera kwa Africa kuno. M'boti muone majekete oyandamitsa, foni kapena wailesi, madzi akumwa, ndi munthu amene atsale m'botimo inu muli pansi.

Nyanja ya Malawi ili ndi zake

Nyanja yathu ndi malo abwino kwambiri ophunzirira. Madzi ake alibe mchere woluma m'maso, ndi ofunda, ndipo m'malo otchingidwa ndi zilumba madzi sakukokani. Mitundu ya nsomba ilimo yambiri kuposa ya m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, n'chifukwa chake Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, inaikidwa pa mndandanda wa UNESCO mu 1984. Pamiyala ya ku Otter Point kapena ku Thumbi, mbuna zabuluu ndi zachikasu zimakuzungulirani pa mamita ochepa chabe. Mukadekha mukhoza kuona nsomba yaikazi italavula tiana take kuti tidye, inu mukangosendera n'kutimezanso tonse m'kamwa kuti titetezeke.

Koma pali chinthu chimene mphunzitsi wa pa nyanjayi ayenera kuchidziwa bwino. Nyanja ya Malawi ili pa mamita oposa 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo kutsika kulikonse kochitikira pamwamba pa mamita 300 kumawerengedwa mwapadera. Mukakhala pansi, mpweya wa nayitrojeni umalowerera m'magazi ndi m'minofu. Mukamakwera pang'onopang'ono umatuluka bwinobwino kudzera m'mapapo, koma mphamvu yokanikiza ikachepa mofulumira umasanduka tithovu m'thupi, n'kuyambitsa matenda amene amati bends. Pamalo okwera mpweya wa pamtunda ndi wopepukirapo, choncho nthawi yololedwa kukhala pansi imafupika. Funsani mphunzitsi mmene amawerengera zimenezi. Wodziwa akusonyezani pa kompyuta yake ya pamkono kapena pa tchati chake cha manambala.

Nkhani yomweyi imakhudza ulendo wanu wobwerera. Malangizo a DAN ndi akuti musakwere ndege pasanathe maola 12 ngati mwatsika kamodzi, ndi maola 18 ngati mwatsika kangapo kapena masiku angapo, ndipo ambiri amangodikira tsiku lathunthu. Kwathu kuno si ndege yokha. Kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu mumakwera kufika pa mamita oposa 1,200 m'kanthawi kochepa. Kuchoka ku Cape Maclear kudzera ku Golomoti mumakwera chitunda chija mpaka dera la Dedza, pafupifupi mamita 1,600. Kutsika pansi pa madzi Lamlungu m'mawa n'kunyamuka masana kuti Lolemba mukhale ku ntchito ku Lilongwe si nzeru. Konzani kuti tsiku lomaliza likhale longopuma pagombe. Mphunzitsi amene wakufunsani yekha kuti mubwerera liti ndipo mudzera njira iti, ameneyo ndiye ndingamukhulupirire.

Miyezi ya mwera, makamaka June mpaka August, nyanja imawinduka ndipo madzi amazizirirapo, choncho funsani ngati ali ndi malo obisika ku mphepo ndi wetsuit yokukwanani. Likodzo liliko m'madera ena a nyanjayi, makamaka m'mphepete mwa midzi, ndiye mukabwerera kaonaneni ndi achipatala za kuyezetsa ndi mankhwala a praziquantel. Ngati mwasankha nyanja yamchere, dziwani kuti ku Tofo boti limanyamukira pamchenga n'kuboola mafunde, ndipo madzi amakoka. Woyamba afunse malo osaya ndi odekha, asakopeke ndi zithunzi za nsomba zikuluzikulu zimene zinajambulidwa kozama.

Mtengo

Kawirikawiri amatchula m'madola. Funsani ngati mtengowo ukuphatikiza zida, boti, zowerenga, khadi, ndi ndalama yolowera m'paki. Funsaninso chimene chimachitika nyengo ikaipa kapena mukalephera kumaliza. Mtengo wotsika kwambiri kuposa wa anzawo onse uli ndi pamene wachepetsedwa: mwina gulu ndi lalikulu, mwina kosi ya masiku anayi yapanikizidwa m'masiku awiri, mwina zida sizipita ku sevisi.

Tsiku lenilenilo

Mugone bwino, mowa ayi usiku wake, imwani madzi okwanira. Ngati mwadzuka ndi chimfine, mphuno zitatseka, nenani, tsiku lisinthidwe.

Mvetserani mmene mphunzitsi akufotokozera. Asathamange. Akuphunzitseni zizindikiro za manja mpaka muzibwereze nokha: chala chachikulu ndi cholozera zikapanga kabowo ndiye kuti zonse zili bwino, dzanja lotambasula likamagwedezeka uku ndi uku ndiye kuti pali vuto, ndipo chala chachikulu chikaloza m'mwamba tanthauzo lake ndi lakuti tikwere, osati "zili bho" ngati pamtunda. Pamadzi osaya muyeserere kuchotsa madzi m'magalasi ophimba maso ndi mphuno: kukanikiza m'mwamba mwake ndi zala, kuyang'ana kumwamba pang'ono, n'kutulutsa mpweya m'mphuno mpaka madzi atatha. Muyesererenso kutulutsa chopumira m'kamwa n'kuchibwezeramo. Mukalephera koyamba, mphunzitsi wabwino amakupatsani nthawi, ndipo sakuchititsani manyazi pamaso pa anzanu.

Potsika makutu amatseka ngati mmene amachitira basi ikamatsika chitunda cha Golomoti, koma m'madzi zimabwera mwamphamvu ndi mofulumira. Tsinani mphuno, uzirani pang'ono, chitani zimenezi pa mita iliyonse khutu lisanayambe kuwawa. Likakana, onetsani chizindikiro, mukwere pang'ono, muyesenso. Mphunzitsi azikhala pafupi moti n'kukugwirani, maso ake ali pa inu, osati pa kamera. Asakukokereni pansi, ndipo asakumangirireni mtovu wambiri m'chiuno n'cholinga choti mumire msanga. Azikufunsani geji pafupipafupi, ndipo gulu lonse lizifika pamwamba aliyense akadali ndi mpweya wosachepera 50 bar. Kukwera kuzikhala kwapang'onopang'ono, ndipo ambiri amaima mphindi zitatu pa mamita 5 asanatulukire.

Muli ndi ufulu woleka nthawi ina iliyonse, pagombe, m'boti kapena pansi, popanda kupereka chifukwa. Funsani za ufulu umenewu musanavale, mumve mmene ayankhire.

Mukatuluka, khalani tcheru ndi thupi lanu mpaka mawa lake. Kuwawa kwa m'mfundo, dzanzi, chizungulire, kutopa kodabwitsa, zidzolo kapena kubanika musaziyese malungo kapena kutopa ndi dzuwa. Uzani mphunzitsi nthawi yomweyo, pumani okosijeni uja, ndipo kuchipatala mukanene kuti munatsika pansi pa madzi, mamita angati, nthawi yanji. Ngati munachita kosi yonse, musachoke musanaone kuti dzina lanu lalembetsedwa ku bungwe, maulendo anu anayi alembedwa m'kabuku kanu ndi kusainidwa, ndipo nambala ya mphunzitsi mwaisunga m'foni.